Mchere wa Alendo

Ana inu, adzukulu anga nonse, a ku Lilongwe ndi a konkuno, ndine agogo anu Gelevaziyo wa kumtunda kwa Kasina, yemwe mumati ndikapereka moni nkhuku zimathawa. Zisiyeni zithawe. Mawuwa ndinawatola m'phiri la Dedza, kumene ndinacheka matabwa kuyambira unyamata mpaka msana unakana. Mtengo wa paini ukamagwa sunong'oneza mnzako kuti thawa. Ukanong'ona, mawa kuli maliro.

Inu mukudziwa timakina tolira ngati mavu, togwetsa mtengo munthu asanamalize fodya. Ife tinali ndi sowo yaitali ya anthu awiri. Kukumba dzenje, kugoneka chipika pamwamba pake, wina n'kuima pamwamba, wina kulowa m'dzenjemo. Wa m'dzenje ndiye amadya utuchi tsiku lonse, ndipo ine ndinayambira m'dzenje. Ndiye musamandiuze kuti mwavutika poti magetsi azima. Nyengo yachisanu zala zimakana kugwira mpini. Tinkaotcha mbatata ya kachewere m'phulusa n'kuiika m'thumba la jekete, iyambe yafunditsa manja, kudya pambuyo.

Ndi sowo imeneyo ndinaphunzitsa azakhali anu a Perepetuwa, amene inu mumati Adokotala. Kwa ine ndi Petuwa basi. Ine sukulu ndinalekeza Sabu B, kalasi yachiwiri, zilembo zanga mukuziona nokha mmene zikuyendera ngati bakha. Koma mwanayo mutu wake unali wina. Sukulu ya madokotala itatsegulidwa ku Blantyre iye anali pakati pa oyambirirayambirira, ndipo anamaliza cha mu nthawi ija tinkasankha pakati pa nyali ndi tambala, kuti dziko likhale la zipani zambiri kapena ayi. Tsiku limene anamaliza ndinauza aliyense: a m'tchalitchi, a ku chigayo, ngakhale munthu wina wongodutsa ndi mbuzi yemwe sanandifunse kanthu.

Tsopano mverani za makosi. Masiku amenewo kuno kumtunda amayi ambiri anali ndi chithokomiro, chotupa chija chapakhosi. Wina ngati dzira, wina ngati papaya. Agogo anu aakazi, aNangozo, anali nacho, n'chifukwa chake pa zithunzi zonse mumawaona atakulunga kansalu m'khosi, musamati inali fasho. Ena ankati ndi madzi a m'phiri, ena ankati ndi kusenza nkhuni, ena ankaloza anzawo zala. Petuwa anakula akuona amayi ake akupuma movutikira pokwera chitunda cha ku dimba, ndipo zinamukhala mumtima.

Amene anamaliza pa sukulu ija anali ndi gulu lawo. Chaka chilichonse amabwerera kusukuluko, kukumana ndi aphunzitsi awo akale, aliyense n'kuonetsa zimene wafufuza kumene akugwira ntchito. Petuwa anasankha kufufuza za makosi a kwawo.

Anabwera chimanga chili kale m'nkhokwe. Tinakhala pakhonde, iye n'kuti, "Ababa, tikukayikira mchere. Ulipo wina wothira mankhwala otchedwa ayodini, wina ulibe. Wopandawo ndi umene tikuganiza kuti ukutupitsa anthu."

"Ndiye wathuwu ndi woipa?"

"Sindikudziwa. Ndi zimene ndabwerera."

Analemba manambala a nyumba pa timapepala, n'kutiponya m'chipewa changa, nati nditole osayang'ana. Ndinatola. Zina zinatuluka nyumba za anthu olongosoka, zina za anthu oti ngakhale mpando wa mlendo alibe. Yanga inatulukanso. Ndinati titolenso, iye anakana. Anati sabata yamawa abwera ndi mnzake wa kusukulu, adzapempha supuni imodzi ya mchere pa nyumba iliyonse ndi kuyang'ana makosi. Anakwera basi n'kubwerera.

Apa ndiye pamene mutu wanga unayamba ntchito yake. Musaseke msanga, muyambe mwadziwa dziko limene linandilera. Ine ndinakula nthawi imene mlendo wa galimoto akamabwera, timapaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu. Ku nkhalango bwana akamabwera kudzayendera, matabwa okhota timawabisa pansi pa mulu, owongoka pamwamba. Azaumoyo akamabwera kudzaona zimbudzi, mudzi wonse umamanga timipanda taudzu, zina zopanda ndi dzenje lomwe. Aliyense wobwera ndi pepala ndi cholembera amadzafuna cholakwa, ndipo ntchito ya munthu wanzeru inali yoti asachipeze. Matipate anabwera, inenso ndinavotera nyali, koma m'mutu mwanga laimu anali asanasuluke. Kwa ine kafukufuku anali mayeso. Mudzi ukalephera, mwana wanga walephera, ndipo walephera pamaso pa mnzake wa kusukulu.

Ndinayendera nyumba zija ngati ndikungocheza, diso lili pa timiphika ta mchere. Kalanga ine! Wonse unali wamiyala uja, wotuwa, wobwera pa njinga kuchokera kutsidya kwa malire a Mozambique, umene timagula poyeza ndi kambale. Inu simuudziwa. Umayamba wausinja mu kamtondo, ndipo nthawi zina mchenga umalira m'mano. Ndinati ayi. Mlendo sitimuphikira nkhwani nkhuku ili pabwalo. Mwana wa Gelevaziyo sangabweretse dokotala mnzake kuti adzaone mchere wonga dothi.

Ndinali ndi matabwa abwino amene ndinasungira chitseko. Ndinawakweza pa ngolo mpaka pa boma, n'kubwera ndi katoni ya mchere wa m'mapaketi, woyera mbuu, wosalala ngati shuga. Ndinamuuza mwini golosale kuti andipatse wolembedwa ayodini, ndipo anandilozera chilembocho ndi chala.

ANangozo anayang'ana katoniyo nthawi yaitali.

"Bambo a Petuwa, mwanayo wanena kuti mugawe mchere?"

"Mwana sanena zonse. Wamkulu amaona yekha."

"Iye anati akufuna aone umene timadya."

"Ndiye kuyambira lero tikudya uwu. Bodza lili pati?"

"Ine ndilibe mawu," anatero, n'kukonza kansalu kawo. Ana inu, agogo anu akati alibe mawu, ndiye kuti mawu alipo odzaza nkhokwe.

Ndinagawa nyumba ndi nyumba. Ndinawauza kuti wamiyalawo aubise ku denga, alendo akafunsa anene kuti wa m'paketiwu ndiwo wa masiku onse. Palibe anakana, ndani amakana mchere? Womaliza anali msuweni wanga Nachisale, mayi wamasiye wa pakamwa ngati lumo. Mukudziwa chisuweni, amandinena mmene wafunira ndipo ine sindingakwiye.

"Aa, mwamuna wanga lero wakumbuka kuti ali ndi mkazi wina kuno! Mchere wokha? Nyama yake ili kuti?"

"Iwe, tamvera. Akafunsa, uziti umadya womwewu."

"Ndinena kuti ndinabadwa nawo m'manja. Koma Gelevaziyo, khosi langali ulibisanso ku denga?"

Ndinaseka. Ndikanamva funso limenelo bwinobwino, chitseko changa chikanakhalapo.

Tsiku linafika. Petuwa anabwera ndi mnzake, dokotala wamtali wa kumpoto, waulemu kwambiri. Anali ndi kabotolo kakang'ono. Amathira mchere pa mbale yoyera n'kudonthezapo dontho limodzi. Mchere ukakhala ndi ayodini umasanduka mtundu wa jivi, mankhwala opaka pa zilonda aja. Ukakhala wopanda, umangokhala mmene unalili. Nyumba yoyamba, jivi. Yachiwiri, jivi. Ine kumbuyo kwawo chifuwa chili patsogolo, ndikufuula, "Yakhoza imeneyo! Tiyeni ina!" Koma ndinaona nkhope ya Petuwa ikugwa nyumba iliyonse. Amayang'ana pa mbale, n'kuyang'ana khosi la mwini nyumba, n'kulemba mwakachetechete.

Kwa Nachisale, wamtali uja anafunsa, "Mayi, mchere uwu mwayamba liti kudya?"

Nachisale anandiponyera diso. "Chibadwire, bambo."

Anapita. Ine ndinapha tambala kukondwerera, ngakhale okondwerera nawo panalibe.

Miyezi inadutsa. Mchere wa m'mapaketi unatha, anthu anatsitsa wawo ku denga, moyo n'kumapita. Mvula yoyamba itagwa, tikubzala, kalata inafika kudzera ku mishoni. Ine zolemba za dokotala sindiziwerenga, zimathamanga kwambiri. ANangozo, amene anaphunzira kwa masisitere, anakhala pa mphasa n'kuyamba kuwerenga mokweza.

Petuwa anati zinthu sizili bwino. Anzake amene anafufuza midzi ina ya kumapiri anapeza mchere wopanda ayodini pafupifupi paliponse. Mudzi wake wokha ndiwo unatuluka ndi mchere wabwino nyumba zonse, koma makosi otupa kuposa kwina. Akuluakulu anati zimenezo sizingatheke. Ena ayamba kunong'ona kuti sanayeze n'komwe, anangopita kukacheza kwawo n'kulemba za m'mutu, ndipo mnzake uja akumubisira. Loweruka likubweralo kuli msonkhano wa amene anamaliza pa sukulu ija. Iye adzaimirira n'kunena kuti ntchito yake aichotse, sangathe kuifotokoza. Ndipo pomaliza analemba kuti, ababa, munthu wofufuza akangotchedwa wabodza kamodzi, palibenso amene amakhulupirira cholembera chake.

ANangozo anapinda kalatayo bwinobwino, n'kuiika pa bondo langa. Anangodzuka n'kutenga khasu.

Ana inu, mtengo unandigwerapo pa phewa, njoka inandilumapo ku dimba, koma ululu wa tsiku limenelo unali wina. Dzina la mwana wanga, limene ndinalicheka ndi sowo chaka ndi chaka, ndinali nditalithyola ndekha ndi katoni imodzi. Linali Lachitatu. Kalata siikanafika Loweruka lisanakwane. Lamya inali pa boma, koma ndikanaimbira ndani? Komanso akuluakulu aja akanati mwanayo wangopeka nkhani ya bambo ake kuti adzipulumutse. Ndinati chimene miyendo yanga inalakwitsa, miyendo yanga yomweyo ikakonze.

Lachinayi ndinayambanso nyumba ndi nyumba, njira yomwe ija. Ulendo woyamba ndinkalowa ngati bwana. Uwu ndinkavula chipewa pakhomo. "Ndinakunamizitsani. Ndipatseni supuni imodzi ya mchere wanu weniweni." Ena anaseka, ena anachita mantha kuti boma liwamanga chifukwa cha bodza lija. Ndinawauza kuti womangidwa akakhalapo ndi ine. Mchere wa nyumba iliyonse ndinaukulunga m'khoko la chimanga n'kumanga pa luzi limodzi lalitali, motsatana mmene nyumbazo zilili m'njira, kuyambira ku mjigo mpaka kumapeto. Zolemba sindizidalira, koma njira ya m'mudzi mwanga sindingaisokoneze. Luzilo litadzaza linkaoneka ngati kolona ya chimphona.

Nachisale anandisiya chiimire pabwalo mpaka atamaliza kupeta.

"Lero wabwera kudzalanda mphatso? Amuna a masiku ano!"

"Msuweni, mwana akutchedwa wabodza chifukwa cha ine."

Anaika lichero pansi. Kwa nthawi yoyamba chibadwire sananditukwane. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mchere womangamanga kale. "Pita ukafuule. Kukamwa kumeneko kugwireko ntchito kamodzi."

Loweruka kusanatenthe ndinali pamsewu waukulu, jekete la Lamulungu, luzi langa m'chikwama cha chiguduli. Mabasi a nthawi imeneyo sanali ngati anu awa. Ndinaima chiimire mpaka pa Ntcheu, mwendo umodzi pa thumba la nyemba la munthu. Blantyre ndinali nditapitako kamodzi kokha. Pa Zalewa apolisi anatitsitsa kuti aone katundu, wapolisi wina n'kutulutsa luzi lija, timapukusi ta makoko tili lendelende. Anthu onse anati, "Eee, madala!" Mukudziwa fodya wamkulu amene amakulungidwa choncho. Ndinamasula kamodzi n'kuti, "Lawani, bwana." Analawa, anakwinya nkhope, nati, "Madala, ku Blantyre mchere uliko." Ndinati, "Wotere kulibe."

Ndinafika dzuwa litapendeka. Pa geti la sukulu mlonda anandiimitsa.

"Msonkhanowu ndi wa amene anamaliza pano, agogo."

"Anamaliza ndi mwana wanga, koma sowo inali yanga. Ndilozere khomo."

Kaya anamva chiyani, koma anandiperekeza mpaka pa chitseko cha holo. Mkati munali anthu a masuti, amayi a nsapato zazitali, Chingerezi chokhachokha. Kutsogolo kunali Petuwa, ataima pafupi ndi makina oonetsa zolemba pakhoma, mapepala ali m'manja. Anali atawonda. Ine pakhomo la eni sindilowa chilowelowe. Ndinakoka mpweya ngati paini akugwa.

"Odi kuno!"

Holo yonse inatembenuka. Wapampando anali dokotala wachikulire wa imvi, mphunzitsi wawo. Asanaganize n'komwe, pakamwa pake panayankha pokha, "Odini!" Anthu anaseka. Petuwa sanaseke. Anati, "Ababa? Kwagwanji? Amayi ali bwanji?"

"Amayi ako ali bwino. Wodwala ndine."

Ndinayenda mpaka kutsogolo, n'kuyala luzi langa pa tebulo la wapampando, pamwamba pa mapepala ake. Ndinati, "Akuluakulu, Chingerezi ndilibe, amene samva Chichewa anzake amuthandize. Ndamva kuti mukuti mwana uyu ndi wabodza. Wabodza alipo, koma si iyeyu. Ndi ine, Gelevaziyo, bambo ake." Ndinafotokoza zonse: chipewa, matabwa a chitseko, katoni, denga. Sindinasiye kanthu. Pamene ndinafika pa "chibadwire" wa Nachisale, dokotala wamtali uja, amene anali mzere wachiwiri, anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Tsono mchere weniweni ndi uwu. Koyambaka ndi ka kwa a Jelemani pafupi ndi mjigo, akazi awo khosi lili apa. Kachiwiri ndi ka kwa..."

"Ababa!" anatero Petuwa. "Mayina a anthu satchula pagulu."

"Nanga adziwa bwanji kuti sindikunama?"

Wapampando anati, "Bambo, mayinawo mukamuuze dokotala kumbali. Ife tifunsa mcherewo." Anatuma munthu kukatenga kabotolo kaja ndi mbale. Anamasula yekha kapukusi koyamba, n'kudontheza. Anthu anadzuka m'mipando kudzaunjikana. Mchere unangokhala phee, wotuwa mmene unalili. Kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu. Anapita nalo luzi lonse. Kamodzi kokha, kakumapeto, ndiko kanachita jivi pang'ono.

"Aka bwanji?"

"Ameneyo ndi msuweni wanga. Ndiye kuti wanga uja akusungabe, amangosakaniza pang'onopang'ono. Ndi woumira kuyambira kale."

Anaseka mpaka ena kupukuta misozi. Ine ndinaima chiimire. Mchere umene ndinauchitira manyazi, wa mchenga, unali pa tebulo la madokotala, ndipo aliyense amaufuna kuuona.

Kenako Petuwa analankhula, m'Chichewa, kuti inenso ndimve. Anati, "Cholakwa china ndi changa. Ndinatchula nyumba kutatsala sabata yathunthu, ndipo bambo anga omwe sindinawafotokozere kuti sitikufuna mudzi ukhoze, tikufuna tidziwe." Wapampando anagwedeza mutu. Anati mchere wobwera ndi bambo pa basi sangaulembe m'buku ngati umboni wa kafukufuku, ntchitoyo iyenera kuyambiranso. Koma nkhani yoti dokotala analemba za m'mutu ithere pomwepo, ndipo amene anainong'ona akadzifunse okha. Anandigwira chanza. Atatero anandiitanira ku tiyi wawo, kumene ndinadya timabisiketi tosakhutitsa ngakhale mpheta, anzake a Petuwa akubwera mmodzimmodzi kudzandifunsa ngati bambo awo angachite zomwezo. Ndinawauza kuti onse, ingowapatsani sabata imodzi.

Petuwa sanandilankhule mpaka mawa lake pondiperekeza ku depoti. Basi ikulira, anandikonzera kolala ya jekete n'kuti, "Ababa, miyezi inayi ya ntchito yanga mwaitaya m'madzi."

"Ndikudziwa."

"Ndibweranso mvula ikatha."

"Undiuze tsiku, ndikonzeke."

Anandiyang'ana ngati mmene amandiyang'anira amayi ake.

Mvula inatha. Tsiku lina ndinali m'phiri kuthandiza anyamata kunola sowo. Potsika masana ndinapeza galimoto pa mjigo, ndipo Nachisale ali panjira, manja m'chiuno.

"Wachedwa, mwamuna wanga. Mwana wako wafika mmawa, watola manambala ena m'chipewa cha munthu wina, wazungulira mudzi wonse, wamaliza. Mudzi walephera bwinobwino."

Ndinathamangira kunyumba. Petuwa anali pakhonde ndi amayi ake, mbale yoyera ili pakati pawo, mchere wathu wamiyala uli pamenepo wosasintha mtundu. Nyumba yanga inali itatulukanso. Ndinati, "Iwe, kubwera kwanu ngati wakuba, osauza bambo ako?"

ANangozo ndiwo anayankha. "Ine anandiuza mwezi watha."

Ana inu, mwezi wathunthu, nyumba imodzi, mphasa imodzi, agogo anu akudziwa, ine ayi. Ndinafuna kufuula, koma ndinaona Petuwa akulemba m'buku lake, ndipo nthawi imeneyi palibe akanamutsutsa. Ndinakhala pansi n'kufunsa ngati alendowo adya.